Malo a Apu Yanga M'foni ya Apongozi

Nditakwatiwa kwawo kwa amuna anga, kuseri kwa Embangweni, ndinapeza kuti ntchito yanga kumeneko ilibe dzina. Ndimapanga mapulogalamu a pafoni, koma kwa apongozi anga aamuna ndinali "mkamwana wa foni uja" basi. Mkamwana ndiye mtengwa, ndipo kumeneko salankhulana ndi apongozi ake aamuna maso ndi maso. Mawu amadzera mwa munthu wina. Ine wa ku Dowa, kumene timacheza ngakhale ndi nkhuku, lamulo limeneli linkandiyabwa lilime.

Koma chondiwawa kwenikweni chinali dzina lija. Anzanga akanyamula makasu, ine n'kutsala pakhonde ndi laputopu, ndinkamva maso akundiboola kumsana. Ndinalumbira chamumtima kuti tsiku lina bambo amenewa adzanena ndi pakamwa pawo kuti nanenso ndimagwira ntchito.

Mtima wawo unali pa ng'ombe. Chaka chimenecho nkhupakupa zinawaphera mwana wa ng'ombe chifukwa anaiwala tsiku lopopera mankhwala, ndipo ine ndinati mwayi ndi umenewu. Ndinayamba kupanga apu yokhala m'foni momwemo, yosafuna netiweki, yolira yokha tsiku lopopera likakwana.

Amuna anga anandichenjeza. "Ukanangopanga tsamba la pa intaneti, loti azingodina linki. Foni ya adada ndi yodzaza ngati minibasi ya ku Jenda tsiku la msika."

"Inu dziwani za fodya wanu," ndinatero. "Za mafoni mundisiyire."

Tsiku loika apu litafika, apongozi anakhala pampando pafupi ndi khola, ine ndinagwada pakhomo la khitchini, ndipo mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga, ndiye anali mlatho wonyamula foni ndi mawu omwe. Nditangoyesa kuika, foni inakana: malo palibe. Nditasuzumira m'katimo ndinagwira pakamwa. Munali mavidiyo a maliro, a kwaya, a maukwati kuphatikizapo wathu, ndi zithunzi za ng'ombe iliyonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

"Mlamu, apempheni tifufute mavidiyo angapo."

Mlamu anapita, n'kugwada, n'kunena. Yankho ndinalimva ndekha lisanandifike.

"Maliro a mkulu wanga ndifufute? Anandilakwira vichi?"

Tinayesa za kwaya. Anati akulu a mpingo akabwera amapempha kuonera. Tinayesa zithunzi za ng'ombe yomwe inagulitsidwa kalekale. Anati inali ng'ombe yaulemu chomene. Pomaliza anagamula: "Mlendo wafika lero lomwe, mbwenu akufuna eni nyumba atuluke kuti iye agone? Yayi."

Ndinameza malovu owawa n'kupanga tsamba lija. Amuna anga sabata yonseyo ankaimba mluzu mosadziwika bwino.

Tsambalo apongozi analikonda poyamba. Mlendo ndi mame, amabwera n'kupita osapempha chipinda. Vuto linali lakuti pamudzi ponsepo netiweki imapezeka pamalo amodzi okha: pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Komanso tsamba silikumbutsa munthu lili phee m'thumba, umayenera kulikumbuka ndiwe. M'mawa uliwonse bambo aja ankakwera chulu, dzanja m'mwamba ngati mboni ikulumbira kukhoti, kudikira kuti tsamba litseguke. Linki nayo inkasowa pakati pa mauthenga a gulu la mpingo. Ikasowa ankaitana mlamu, mlamu n'kuitana ine, ine n'kuipeza, ulendo n'kubwerera momwe unadzera. Mlamu anayamba kudandaula kuti mawondo ake achita zikang'a chifukwa cha ukadaulo wanga.

Kenako mvula inagwa. M'mawa wina ndikuchokera kumjigo, ndinaona apongozi ali pansonga pa chulu, foni m'mwamba. Phazi linatereka. Anatsetsereka chokhala mpaka pansi, mwaulemu wake, foni ikadali m'mwamba osakhudza matope. Ng'ombe zinasiya kubzikula n'kumawayang'ana. Mkamwana saona zoterozo, choncho ndinatembenukira kumbali, ndowa ikugwedezeka pamutu. Nditalowa m'khitchini ndinaluma chitenje, misozi ili chuchuchu. Mulungu andikhululukire, sindinasekepo choncho chibadwire.

Masana ake mlamu anabwera ndi foni. "Akuti muikemo yolira yokha ija. Malo apezeka."

Mtima unadumpha ndi chimwemwe, koma ndinafuna kudziwa yemwe wasamutsidwa. Maliro onse analipo. Kwaya inalipo. Ng'ombe yaulemu ija inalipo, kutsogolo ndi kumbuyo. Chosowa chinali chimodzi: vidiyo ya ukwati wathu, ine ndi diresi langa loyera lomwe ndinakabwereka ku Mzimba boma.

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha. Ndinatuluka, n'kugwada pamalo anga, ndipo ndinalankhula kwa mlamu ndi mawu oti amveke mpaka kukhola.

"Mlamu, afunseni. Ukwati wanga unawalakwira vichi?"

Apongozi sanadikire kuti mlamu awafikire. Anayankha maso ali pa ng'ombe zawo, thalauza lamatope lija lili pachingwe kumbuyo kwawo.

"Amene ali m'malirowo sindidzawaonanso, ndiye akhale m'foni. Mkamwana ndimamuona m'mawa uliwonse, ndi wa pano, sakupita kulikonse. Mbwenu aikemo ntchito yake."

Ukali wonse unathera pomwepo. Ndinangoti, "Yewo," maso ali pansi, ndipo sindikudziwa ngati ndinkauza mlamu kapena iwo.

Mlamu anatembenuka kuti andibwerezere mawuwo monga mwa mwambo, kenako anaseka. "Mwamva kale nokha, mlamu."

"Ayi," ndinatero. "Bwerezani ndithu, pang'onopang'ono. Makamaka pa ntchito paja."