Lenzi Yojambulira Chogwada

Peggy Mwenya amajambula zithunzi atagwada. Si kuti msana umamuvuta ayi, ntchito yake ndi imene imafuna zimenezo. Amajambula miyambo ya amayi, makamaka chilanga mulilo, tsiku limene akuchikazi amanyamula zakudya kupita nazo kwa mkamwini. Pa mwambowu amayi amalowa m'nyumba choyenda ndi maondo, ndipo mkazi sangaimirire pamwamba pa akuluakulu amene akhala pansi, ngakhale atanyamula kamera. Wojambula wamwamuna amamulekerera. Peggy samulekerera.

Anabadwira ku Mansa koma anakulira ku Chelstone, kumene akukhalabe m'nyumba imene bambo ake anasiya. Kwa zaka khumi ndi zinayi ankataipa makalata mu ofesi ina m'tauni. Kamera anaiyambira kutchalitchi, ndipo amayi ataona kuti amadziwa pogwada ndi poomba m'manja, anayamba kumuitana. Lero ofesi anaisiya, ndipo sadandaula.

Kamera yake ndi yaing'ono, ya makono ano yopanda kagalasi m'kati, ndipo lenzi yake inali imodzi, ya mamilimita 35. Pa kapinga wa ku Kabulonga inkamukwanira, pakuti akafuna kuti anthu onse alowe ankangobwerera m'mbuyo. Koma m'mafulati a ku Kabwata munthu akabwerera kawiri wagunda khoma.

Kumeneko ndi kumene Bana Cheryl, mnzake wa m'kwaya, anamutuma. Mwana wawo Cheryl ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Kabwata, ndipo mnyamatayo anali ndi azakhali asanu ndi awiri.

"Ba Peggy, onse seveni aoneke pa chithunzi chimodzi," anatero Bana Cheryl. "Mukadulako mmodzi azakamba ati tinachita dala. Mwana wanga azayamba chikwati na mlandu."

Peggy anapita kukaona chipindacho pasadakhale. Analibe tepi, choncho anamasula chitenje chake n'kuyeza nacho. Kuchoka pakhoma mpaka pamene azakhali adzakhale panali chitenje chimodzi ndi theka. M'lifupi mwa malowo munali zitenje ziwiri. Anayeza kawiri kuti asalakwitse, kenako anakwera basi ya ku Northmead.

Mwini sitolo ya makamera kumeneko, bambo wa imvi dzina lake Kapembwa, anamumvetsera mpaka kumapeto. Atatero anatulutsa lenzi yaikulu yokoka pafupi ndi patali, yotalika ngati botolo la sosi.

"Iyi ichita vonse, mayo."

"Munakwawapo nayo?" anafunsa Peggy. "Izagunda pansi nikalibe kufika na pa chitseko. Elo azimai akaona chinthu chikulu so, bauma monga ni chithunzi cha registireshoni."

Kapembwa anaseka, n'kubweretsa tiwiri tating'ono tosakoka, toona motambalala: ka mamilimita 12 ndi ka 16. Peggy anayala chitenje pansi, anayeza chimodzi ndi theka kuchoka pa kauntala, ndipo anagwada. Anapempha Kapembwa kuti aime kumapeto kwa zitenje ziwiri, ndipo mayi wina amene anabwera kudzagula batire anavomera kuima mbali inayo.

Ka 12 kanalowetsa sitolo yonse, ndi denga lomwe. Koma Kapembwa, poti anali m'mphepete, anatuluka ndi mutu wopendekeka ndi mimba yotambasuka.

"Uyu ni ndani? Ine nili pa dayeti," anatero atasuzumira.

"Manje ganizani ni azakhali ba mwamuna."

"Awe, iyo ibwezeni."

Ka 16 kanawalowetsa onse awiri, n'kutsala kampata pang'ono mbali zonse, ndipo nkhope zinakhala za eni ake. Kanali kopepuka, kokwana m'dzanja lofumbata. Peggy anayenda nako ndi maondo mpaka pakhomo n'kubwerera. Mayi wa batire uja anamuombera m'manja mwaulemu, ngati ali pamwambo weniweni. Peggy anagula ka 16 komweko.

Loweruka la mwambowo ng'oma zinalira pa masitepe a fulati, ndipo mapoto okulungidwa m'nsalu anakwera pamitu. Peggy analowa ndi maondo, n'kutsamiritsa msana kukhoma. Atawerenga azakhali anapeza asanu ndi atatu. Wina anali atafika m'mawa womwewo kuchokera ku Kitwe, osauza munthu.

Kuwauza akuluakulu kuti apanikizane sikukanatheka, ndipo kumbuyo kunalibe kopita. Anakweza kamera mpaka mutu unakhudza khoma. Wa ku Kitwe anali kunja kwa chithunzi ndi phewa limodzi. Peggy anadikira. Nsalu ya poto woyamba itayamba kumasulidwa, azakhali onse anaweramira m'kati kuti aone, ndipo iye anajambula katatu.

Mwambo utatha, azakhali aakulu, a Mulubwa, anamukodola. Anatenga kamera ndi manja awiri, anaitalikitsa kumaso, n'kuyamba kuwerenga ndi chala. Anafika pa eyiti.

"Duku yanga yapendama," anatero. "Simunaniuze chifukwa?"

"Munali kuseka, mayo. Sininafune kumisokoneza."

A Mulubwa anayang'ananso, kenako anapereka kamera kwa wa ku Kitwe.

"Tumilani bana Cheryl lelo lomwe," anatero. "Baone kwamene mwana wao abwela."