Mlonda wa Nazale ya pa Chambe

Linali Lolemba, m'mwezi wa Okutobala 1908, belu la sikisi koloko litangolira, pamene ndinaima koyamba pamzere wa antchito ku Likhubula. Amene anandipezera ntchitoyo ndi amalume, omwe ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera pa phiri la Chambe. Iwo anamva kuti mzungu woyang'anira ocheka matabwa akufuna munthu wodziwa kulemba, woti azisamala nazale ya mitengo pamwamba pa phiri. Ine n'kuti nditangomaliza sukulu ya mishoni. Mzunguyo, amene tinkamutcha Chipewa, anandiuza kuti ndilembe dzina langa pakapepala, ndipo anakhutira. Anati adzakwera Khirisimasi isanafike kudzaona mbande. Zikadzapezeka, ntchito ndi yanga, zikadzasowa, ndidzatsike.

Kapitawo wathu anali a Mukhiwa, Mlomwe wochokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, munthu wamfupi wokonda nthabwala. Tsiku lomwelo anandipatsa dzina lakuti Akalaliki chifukwa cha pensulo imene ndinkapachika kukhutu.

Ntchitoyo ndinaikonda. Tinkathyola tizipatso touma ta mkungudza n'kutiyanika paziguduli. Dzuwa likawomba tinkang'aluka, njere zakuda zopyapyala n'kumayoyoka, ife n'kupeta ndi lichero. Mabedi tinkatipula ndi khasu, kuyeza ndi chingwe ndi zikhomo, kenako kuthira dothi lakuda la m'nkhalango. Njere ndinafesa ndekha m'mizere, ndipo pachikhomo chilichonse ndinalembapo tsiku. Ndinkathirira ndi chitini choboola kunsi. Manja anga ankanunkhira utomoni tsiku lonse, ndipo ndikaweramuka ndinkaona mitambo ili pansi panga.

Pambali pa nazale panali mkungudza wouma, woyera ngati fupa, pamene kadzidzi ankakonda kutera. Ocheka matabwa ankadana nawo. Wina ankati sowo yake inathyoka chifukwa cha mbalameyo, wina ankati mwana wake anadwala italira katatu. Komabe palibe amene ankalimba mtima kuugwetsa. Tsiku lina a Mukhiwa atatsikira ku Likhubula kukatenga ufa, ine ndinatenga nkhwangwa n'kuudula, kuti anthu aone kuti wophunzira saopa mbalame. Anzanga anandiombera m'manja, nandiwotchera mbatata. Kenako ndinafunditsa mabedi ndi udzu wambiri, monga tinkachitira ndi nazale ya fodya kwathu.

A Mukhiwa atabwera anayang'ana chitsa chija, nayang'ananso udzuwo.

"Akalaliki, kadzidzi uja ndiye anali mlonda wathu wa mbewa. Mwamuchotsa ntchito, ndiye mwalemba ndani?"

Ndinayankha kuti m'mabuku sindinawerengepo zoti mbalame imalondera munda. Iwo anangoseka, nati mbewa nazo sizinapite kusukulu, koma mbiriyi ziimva.

Masabata anayi anapita, ine ndikuthirira mokhulupirika. Loweruka lina m'mawa amtengatenga anafika ndi uthenga wakuti Chipewa akwera madzulo a tsiku lomwelo. Ndinapita kukavundukula udzu kuti ndione mbande zanga. Pansi pake panali tinjira tosalala, timauna, ndi makoko a njere ambirimbiri. Ndinafukula mzere woyamba ndi chala: mulibe kanthu. Wachiwiri chimodzimodzi. M'mabedi onse munamera timitengo tosakwana ndi zala za m'manja. Mwezi wonse ndinali kuthirira makoko. Ndinakhala pachitsa chija, ndikuganiza za nkhope ya amalume.

A Mukhiwa sanandikalipire. Anandiuza kuti nditenge madengu awiri ndi chikwanje, iwo anatenganso awiri, ndipo tinalowera chakumadzulo. Poyamba anandiimika pansi pa mikungudza ikuluikulu, pamene panali miyala ndi thengo lowirira. Anati ndiwerenge mbande. Sindinapeze ngakhale imodzi, chikhalirecho njere zimagwa pamenepo chaka ndi chaka. Anandionetsa mauna m'mbali mwa miyala. Pamalo obisika otere, anatero, mbewa imadya itakhala pansi, ndipo chimene chimamera ndi chokhacho chimene mbewa yachinyoza.

Tinapitirira mpaka m'mphepete mwa nkhalango, pamene moto unadutsa chaka chapitacho. Panali poyera, mitengo youma itaima apo ndi apo, ndipo pa umodzi panali kabawi. Nditayang'ana pansi ndinasowa popondera. Mbande za mkungudza, zotalika ngati chala, zinali zitamera ngati mawere.

"Pano mbewa imabwera mothamanga, maso ali kumwamba," anatero a Mukhiwa. "Ikatola njere imodzi, khumi yazisiya."

Tinagwada n'kuyamba kukumba. Anandiphunzitsa kuzunguliza nsonga ya chikwanje patali ndi tsinde, kuzula mbande pamodzi ndi dothi lake, ndi kuikulunga m'masamba kuti mizu isaone dzuwa. Tikugwira ntchito anandifotokozera za bwampini wa kumunsi ku Likhubula, amene amadzaza njere za masuku m'masaya n'kukazikwirira, zina n'kuziiwala. Anati ndikadzaona misuku itamera mothithikana pamalo amodzi, ndidzadziwe kuti pamenepo panali nkhokwe ya bwampini woiwala. Ndinaseka koyamba tsiku limenelo. Pobwerera, madengu ali pamutu, iwo anayambitsa nyimbo ya Chilomwe, ine n'kumavomera ngakhale mawu ake sindinkawamva.

Ocheka matabwa anasiya masowo kudzatithandiza kuwokera. Chipewa anatipeza tikuthirira bedi lomaliza. Anayenda m'mizere, naima pachikhomo, nawerenga tsiku limene ndinalembapo. Anafunsa ngati mitengo ya msinkhu umenewo yakula m'masabata anayi. Ndinanena zoona: za nkhwangwa, za udzu, za mbewa, ndi kumene mbandezo tinazitenga. Mzunguyo anaseka mpaka chipewa chinagwa.

"Ndinati ndipeze mbande, ndazipeza," anatero m'Chinyanja chake chopindika. "Chaka chamawa ndipeze zako."

Ndinagwira ntchito ya mitengo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo chimene ndinasunga ndi ichi: usanafese, yamba wadziwa amene adzadye njere zako, ndiponso amene amamuopa. Mpaka lero ndikayenda m'nkhalango ndimaona kuti mtengo uliwonse waima pamene mbewa inachita mantha kapena pamene bwampini anaiwala.

Tsiku lotsatira kubwera kwa Chipewa kuja linali Lamulungu, koma sindinadikire Lolemba. Ndinachotsa udzu wonse kuzungulira nazale. Kenako ndinadula nthambi yaitali ya mkungudza wouma uja, ndinakhomera kamtengo kopingasa kunsonga kwake, n'kuizika pakati pa mabedi kuti kadzidzi apezenso potera. Ocheka matabwa anang'ung'udza. A Mukhiwa anauyesa mlongotiwo ndi dzanja ngati walimba, nandiuza kuti ndilembenso chikhomo chimodzi, cha tsiku limene mlonda wabwezeredwa pantchito. Ndinachotsa pensulo kukhutu, n'kulemba.