Dzinja Limene Bambo Anakana Kubzala

Fungo la malasha silichoka msanga m'nsalu. Jekete la achimwene anga a Lukasi amayi analichapa mobwerezabwereza kumtsinje, koma likauma linkanunkhabe Moatize: fumbi lakuda, thukuta ndi utsi wa sitima. Bambo analipachika pamsomali kuseri kwa chitseko m'nyumba yathu ya ku Zobwe, ndipo ine Rozina, kamtsikana kosatha n'kusenza komwe mtsuko waukulu, ndinkadutsa pamenepo nditatseka mphuno. Munali m'zaka za m'ma 1950, chilimwe chili kumapeto.

A Lukasi anali oyamba kubadwa m'banja mwathu. Bambo ndi amene anawatenga kukawapezera ntchito kumgodi wa malasha ku Moatize, poti iwonso anagwirako ali mnyamata. Chaka chisanathe, mwala unawagwera achimwenewo pansi pa nthaka. Uthenga unatipeza mochedwa, ndipo pamene lole yathu inkatsika mapiri kulowa m'chigwa chotentha cha milambe, maliro anali ataikidwa kale. Anthu ankatipepesa m'Chinyungwe, ine n'kumangotolapo mawu apa ndi apo. Anatisonyeza mulu wa dothi louma ndi kutipatsa jekete lija. Amayi analira mpaka mawu anatha, koma bambo sanagwetse msozi ngakhale umodzi, anangoyang'ana muluwo ngati munthu amene wamusonyeza nyumba yolakwika.

Bambo anaphunzira kuwerenga kutsidya kwa malire, ku Nyasalande, kwa Apulotesitanti, ndipo anali ndi Baibulo la Chinyanja limene ankalisunga m'chitini kuopa chiswe ndi maso a anthu. Amayi ndi abale awo onse anali Akatolika. Titabwerera kumudzi, bambo anakakamira pa kalata imodzi yokha, yoyamba imene Paulo analembera Atesalonika. M'menemo Paulo akutonthoza anthu oferedwa, kuwauza kuti Ambuye adzatsika ndi kulira kwa lipenga, akufa adzayamba ndiwo kuuka, ndipo amoyo adzakumana nawo. Bambo ankati Paulo sanalembe ngati munthu wonena za kutali, analemba ngati wodikira mlendo amene wafika kale pa dambo. Motero anatiuza kuti dzinja limenelo sabzala, chifukwa chimanga sichidzafika pokhwima.

Sankalalikira m'misewu kapena kukuwa. M'mawa ankasamba, kuvala malaya oyera, n'kukakhala pachulu cha kuseri kwa nyumba, maso ali kumitambo. Khasu lawo linayamba dzimbiri pansi pa nkhokwe. Mvula yoyamba itagwa, nthaka inanunkhira, ngumbi zinatuluka, ndipo mudzi wonse unakhamukira kuminda. Amayi anali ndi pakati potopa, komabe ankandidzutsa kuti tikaunde mizere. Dzuwa likamafika pamutu tinkakhala titaunda kadera kongokwana kuyalapo mphasa zingapo, munda wonse uli tchire. Munda umenewo bambo anauswa pamodzi ndi a Lukasi.

Kunena zoona, ine ndinkaopa mbali zonse ziwiri. Bingu likagunda ku phiri, ndinkathawira m'nyumba. Lole ikaimba hutala pachipata cha malire, ndinkataya nkhuni n'kuthamangira kwa amayi kuti lipenga lisandipeze ndili ndekha. Ngakhale belu la kuseminale, limene ndinabadwa ndikulimva, linayamba kundidzidzimutsa. Ndinkadzifunsa kuti Ambuye akabwera, kodi bambo ndi amayi adzawaika kumodzi, poti ankapemphera kosiyana? Ndipo akapanda kubwera, tidzadya chiyani? Chimanga chambewu chinkalendewera kudenga la kukhitchini, chitada ndi utsi. Tsiku lina bambo anati achitsitse tikonole, amayi anangoima pakhomo, mimba yawo itatseka khomo lonse. Kuyambira pamenepo ndinkasuzumira kudengako m'mawa uliwonse.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini amene salima sachedwa kumusonyeza njira. Mwini mbumba anali malume anga a Fabiyano, katekisita wa pamudzi, munthu wamfupi wa mawu aakulu, amene ankakonda mtsutso kuposa ndiwo zankhuli. Anabwera ndi chigamulo chawo: chimanga cha anthu chikafika m'mawondo munda wathu usanabzalidwe, bambo anyamule chitini chawo abwerere kwawo. Ine ndinamva zonsezo ndikusenda nthochi zosafunika kusenda. Kuchokera tsikulo ndinkayeza mmera wa anansi ndi mwendo wanga, ndipo popeza miyendo yanga inali yaifupi, ndinkada nkhawa kuposa wina aliyense.

Koma malume sakanachoka osatsutsana. Anauza bambo kuti atembenuze tsamba, pali kalata yachiwiri kwa anthu omwewo, ndipo imeneyo ikuti tsikulo silinafike, aliyense agwire ntchito, wokana ntchito asadyenso. Bambo anayankha modekha kuti kalata imeneyo anaiwerenga, ndipo si ya Paulo. Anati yoyamba ili ndi mawu a kholo losisita mwana, yachiwiri ili ndi mawu a kapitawo, ndipo iwo mawu a kapitawo anawamva mokwanira ku Moatize. Anawonjeza kuti mlembi wake akuchita kulimbikira kumapeto kuti dzanja ndi lake ndithu, pamene munthu wolembera abale ake sachita kulumbira kuti ndi iyeyo. Malume anatola chipewa chawo. Ananyamuka akung'ung'udza kuti akafunsa kwa apadiri, ansembe a kuseminale.

Masiku amene malume anachedwa, mvula inagwa yambiri. Chimanga cha anansi chinapitirira akakolo anga n'kuyamba kukwera. A Sulemani a pasitolo, Msilamu amene ankatigulitsa mchere ndi palafini, anandifunsa ngati bambo akudwala.

Malume anabwera masana ena kuli kamvula kowaza, nsapato zawo zili matope okhaokha. Anakhala pakhonde n'kufotokoza zimene anamva. Anati padiri wina wokalamba anawauza kuti kalata yoyambayo ndi yakale kwambiri, mwina kuposa Mauthenga Abwino onse, ndipo Paulo anailemba ali ku Korinto patangopita zaka ngati makumi awiri Yesu atafa. Yachiwiri, Mpingo umati inatsatira posachedwa, anthu ena atasiya ntchito. Malume anali munthu wamakani koma sanali wabodza, choncho anaulula, akuyang'ana kumbali, kuti padiriyo anavomera kuti kuli ophunzira ena ku Ulaya amene amaikayikira, amati inalembedwa pambuyo pake ndi wophunzira wa Paulo. Ine ndinadziwa kuti bambo apambana ndipo atichokera.

Koma bambo sanasangalale. Za kalata yachiwiri anali ngati sanazimve n'komwe.

"Alamu, mwati yoyambayo inalembedwa liti?"

"Kalekale, alamu. Zaka zikuyandikira zikwi ziwiri."

"Ndiye anthu aja anawalembera, aja ankadikira abale awo?"

"Anamwalira."

"Nanga Paulo mwini wake?"

"Nayenso."

Bambo ankadziwa ndithu kuti Baibulo ndi lakale, koma ndikhulupirira kuti anali asanaziikepo zaka zimenezo pamodzi ndi mulu wa dothi wa ku Moatize. Anatseka bukulo pang'onopang'ono. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo analira kulira kumene anakusunga chichokere kumanda kuja, akutchula dzina la a Lukasi ndi kunena kuti ndi iwo anawaperekeza kumgodi. Malume, amene anabwera kudzapambana, anavula chipewa n'kumachipotokola m'manja. Ine ndinachita mantha kuposa a lipenga, chifukwa ndinali ndisanaonepo bambo akulira.

Amayi sankadziwa kuwerenga ndipo mtsutso wonsewo sanaulowerere. Anadzuka movutikira, nalowa kukhitchini, n'kutuluka ndi chimanga chambewu chija. Anachiika pamiyendo pa bambo.

"Bambo a Lukasi, ine za makalata sindizidziwa. Koma mwana wanga ndimamudziwa, sankalowa m'nyumba muno osafunsa chakudya. Kaya abwera mawa, kaya abwera liti, asadzapeze nkhokwe ili mbee."

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la mwala ukunola khasu. Tinabzala mochedwa, malume ndi ana awo atabwera kudzathandiza, ndipo malumewo anaunda mizere yokhota imene bambo anachita kuikonza. Za kubwerera kwawo palibe anazitchulanso. Mchemwali wanga anabadwa chimanga chikumasula. Zokolola zinali zochepa, tinafika nazo movutikira ku dzinja lotsatira, koma tinafika tonse. Pokolola, bambo anapatula chimanga cha mzere woyamba, anachimanga pachokha n'kuchipachika pafupi ndi jekete lija. Ankatero chaka chilichonse mpaka imfa yawo, chatsopano chikabwera, chakale n'kupatsa nkhuku.

Nditakula ndinakhala mphunzitsi, ndipo ndinawerenga kuti mpaka lero ophunzira sanagwirizane za amene analemba kalata yachiwiri ija. Ena ali kumbali ya malume, ena kumbali ya bambo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti malume anapambana, bambo anachira misala yawo, ndipo ndinakondwa kuti lipenga lasiya kundisaka. Chimanga cha kuseri kwa chitseko ndinkachiyesa mbewu yapadera. Panapita zaka kuti ndimvetse kuti bambo sanali kudikira kutha kwa dziko, ankangofuna kuona nkhope imene sanaione ku Moatize, ndipo masana aja pakhonde anauzidwa kuti adikira moyo wawo wonse. Sanasiye kudikirako. Anangoyamba kudikira khasu lili m'manja, chakudya cha mwana wawo chili pamsomali.