Chigubu cha Singano za Agogo

Agogo anayamba kubaya jakisoni wa shuga chaka chimene ndinasiya sukulu. Maso awo anali atayamba kuchita chifunga, manambala a pajakisoni sankawaona, ndiye ntchito yoyeza mankhwala ndi kubaya inagwera ine. M'nyumba tinalimo awiri okha. Amayi ndi abambo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndi matenda amene anthu akwathu ku Zemba sankawatchula dzina, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo. Ndinazindikira msanga kuti mwana wamasiye amakhala bwino akamaona zambiri n'kumanena zochepa.

Anesi a kukiliniki anandiphunzitsa zonse tsiku limodzi. Kabotolo ka insulini kazikhala mumphika wa mchenga wonyowa, pamthunzi. Ndizibaya m'mawa ndi madzulo, pamimba kapena pantchafu, mosinthasintha malo. Atafika pa za singano zobayira kale anachedwapo. Anati ndisataye kudzala, chifukwa ana amafukulako zoseweretsa. Ndisaponye pamoto, chifukwa chitsulo sichipsa, chimatsala m'phulusa lomwe timakathira kudimba. Ndisavutikenso kuiveka kachipewa kake singano ndikabaya, poti ambiri amadzilasa pamenepo. Ndingoiponya m'chigubu cholimba chokhala ndi chotsekera, ndilembepo kuti muli singano, chikatsala pang'ono kudzaza ndibwere nacho kwa iwo.

Chigubu ndinachipeza, chachikasu, cha mafuta ophikira. Zolembapo agogo anakana.

"Ulembe kuti aliyense wolowa muno awerenge?" anatero. "Anthu amenewa anandiikira ana awiri akunong'onezana. Akamva kuti nanenso ndimabayidwa tsiku ndi tsiku, anena kuti matenda aja amaliza nyumba yonse. Iweyo adzakufunsira ndani?"

"Koma ndi shuga, agogo."

"Pita ukawauze, uone ngati akamve."

Sindinapite. Chigubu chinkakhala kuseri kwa mtsuko, ndipo popita nacho kukiliniki ndinkachikulunga m'chitenje ngati mwana. Zaka ziwiri zinatha palibe anadziwa.

Uthenga wa maliro unatipeza titangomaliza kukolola mtedza. Anali atamwalira mng'ono wawo wa agogo, amene anatengedwa kupita kwa mwamuna wake ku Mlolo kalekale, ndipo ana ake anati amayi awo aikidwe komweko. Ndinakulunga kabotolo ka mankhwala m'kansalu konyowa, ndinatenga majakisoni atsopano, khadi la kukiliniki ndi chigubu. Munali singano ziwiri zokha, chifukwa ndinali nditakakhuthula sabata yomweyo.

Tinakwera ngolo ya bambo wina wapamudzi yemwe ankapita chakomweko. Ngolo ikagunda mwala, m'chigubu muja mumveke gobede gobede.

"Agogo, mwanyamula miyala ya nsolo?" anafunsa mwini ngolo uku akuseka. "Mukasewera pamaliro?"

Agogo anaseka nawo. Iye atangotembenukira ku ng'ombe zake, agogo anang'amba m'mphepete mwa chitenje chimene anavala, chobiriwira cha zithunzi za nkhanga, n'kukankhira nsanzayo m'chigubu ndi kamtengo. Phokoso linatha.

Kumaliro agogo anawakhazika m'siwa, m'nyumba yomwe munali thupi, chakumutu kwa bokosi, poti ndiwo anali mkulu wake wa malemu. Ine anandipatsa malo kukhitchini ya mpongozi wa malemuwo, mayi wochangamuka yemwe ankayendetsa zophika zonse. Katundu wathu ndinamuika pakona n'kufunditsa thumba. Nthawi yobaya ikakwana ndinkagwada pakhomo la siwa n'kunena kuti ndabwera kudzawaperekeza agogo kuseri. Tinkalowa m'bafa laudzu, ndikubaya msangamsanga, singano ndikukaiponya m'chigubu pamene m'khitchini mulibe munthu. Ndinatero katatu.

Tsiku loika maliro amuna okumba manda anapita mbandakucha. Dzuwa litakwera anatumiza mawu akuti kukhosi kwauma. Thobwa linalipo lambiri, koma mothira munachepa. Kwathu kuno chigubu sichikhala chopanda ntchito, ndipo pamaliro chiwiya chilichonse chimene chili pamudzi ndi cha onse.

Ndinali pakhonde la khitchini ndikusankha nyemba pamodzi ndi amayi ena ambiri. Ndinawaona mpongozi aja akulowa, akuvundukula thumba, akutuluka ndi chigubu chathu. Anachigwedeza pafupi ndi khutu. Sichinalire, chifukwa cha nsanza ija. Anatsekula, ananunkhiza, fungo la mafuta ophikira, n'kuyamba kuthiramo thobwa ndi chikho.

Zonsezi ndinaziona. Pakati pa ine ndi iwo panali mtunda woti ndikanangotambasula dzanja. Koma kuti ndinene kuti musathiremo, akanafunsa chifukwa, ndipo amayi onsewo akanamva. Mawu a agogo anali m'khutu mwanga. Ndinadziuza kuti ndidzipereka kunyamula chigubucho, ndikafika panjira ndikakhumudwe dala, thobwa litayike. Ndili mkati moganiza choncho, panafika bambo wina ndi njinga, anamanga zigubu zinayi kumbuyo ndi lekeni, n'kupalasa kulowera kumanda. Mkazi safikako manda akukumbidwa. Ndinapitiriza kusankha nyemba.

Okumba manda amabwera ndi nthabwala, amatukwana ngakhale eni maliro ndipo palibe amawaletsa. Tsiku limenelo anabwera dzuwa lisanafike pamutu, ali chete, makasu atawasiya. Wotsogolera ananyamula chigubu chathu pansonga ya mtengo kuti asachikhudze. Kumbuyo kwake kunali bambo wamtali atagwira pakamwa, magazi akuoneka m'zala. Iye ndiye anamwa pomaliza. Anapendeketsa chigubu kuti amwe zapansi, singano n'kumulasa mlomo. Atavuula ndi kamtengo, munatuluka nsanza yobiriwira itakola singano zisanu.

Anazigwetsa pabwalo, patsogolo pa siwa. Nyimbo zinaduka.

"Eni maliro, tatiuzani," anatero wotsogolera uja. "Manda tikumbe angati lero? Amodzi sakukwanani?"

Mpongozi aja anagwira kumutu. "Ine ndangotenga pakatundu wa alendo! Ndalakwa chiyani ine? Ndimati mulibe kanthu!"

Agogo anatuluka m'siwa atamva phokoso, akupapasa chitseko. Anali atavala chitenje chomwe chija. Mayi wina anayang'ana nsanza, anayang'ana chitenje, n'kuwerama kukweza mphepete yong'ambikayo kuti aliyense aone nkhanga yoduka pakati. Kwathu singano zokulungidwa m'nsanza zili ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo izi zinapezeka m'chakumwa cha anthu okumba manda.

"Mng'ono wanu mwadya kale, mayi," anatero wina kumbuyo. "Mukufuna ndiwo zina?"

Apo m'pamene ndinalankhula. Mawu anga anatuluka aang'ono, moti ndinachita kubwereza. Ndinati agogo amadwala shuga, singanozo ndi za mankhwala awo, ndimawabaya ndine. Ndinathamangira kukhitchini, ndinabweretsa kabotolo ndi khadi. Mkulu wina wa mpingo anavala magalasi n'kuwerenga khadilo mokweza, liwu ndi liwu.

"Shuga wake uti wobisa m'nsanza?" anafunsa wotsogolera uja. "Amalume anga amadwala shuga, amamwa mapilitsi pamaso pa anthu."

Anagwirizana kuti amayi akuluakulu akaone ngati pathupi pali zizindikiro. Analowa nawo agogo m'siwa momwemo, ine ndikutsatira. Pambali pa bokosi la mng'ono wawo anawamasula chitenje, anawakweza bulauzi, anawaunika pamimba ndi m'ntchafu. Malo amene ndinkabaya kawirikawiri anali olimba ngati timiyala, ena akuda. Amayi aja ankasinika ndi zala mmodzimmodzi. Maso achifunga a agogo anangoloza kudenga.

Atatuluka, wamkulu wa amayiwo anauza amuna kuti zipsera zilipodi. Mnzake anawonjezera chapansipansi, koma tonse tinamva: "Nanga mfiti sidwala?"

Ndinapita kukagwada kwa bambo wolasidwa uja. Ndinawapempha kuti atsuke pachilondapo ndi sopo, apite kukiliniki tsiku lomwelo ndi khadi la agogo, anesi akaone. Analavulira pambali osandiyang'ana. Ndinamva pambuyo pake kuti anapita konse, kukiliniki ndi kwa sing'anga. Ali moyo mpaka lero, koma akangotsokomola dzina la mudzi wathu limatchulidwa.

Manda anawamaliza ndi anthu ena, ndipo maliro anaikidwa dzuwa litapendeka. Abale atayamba kuitanidwa kuti aponye dothi, oitanawo anawadumpha agogo. Chigubu ndi singano zija anazitentha kumphambano. Sitinadikire tsiku lometa. Tinanyamuka wapansi kuchokera kumanda komweko, opanda wotiperekeza.

Nthawi yobaya inatikwanira panjira. Ndinawakhazika pansi pa mtengo n'kuyamba kumasula kansalu.

"Ukabaya, singanoyo uiika kuti?" anafunsa.

Ndinalibe poika. Ndinati ndiinyamula m'manja mpaka kwathu.

"Kuti tikumane ndi munthu, aone mdzukulu wa mfiti atagwira singano panjira? Manga zinthu zako."

Tinagona kwa anthu a mpingo wathu pamudzi wina wapanjira, ndipo m'mawa mwake agogo anakananso kubayidwa. Tinafika kwathu masana, iwo akumwa madzi pachitsime chilichonse. Nkhani inali itafika kale.

Patapita masiku angapo, tikuswa mtedza pakhonde, agogo anandifunsa mosatembenuka. "Unawaona akutenga chigubu chija?"

"Ndinawaona."

Anaswa mtedza wina, n'kuika m'lichero. "Unachita zomwe ndinakuphunzitsa," anatero. Sanadzaitchulenso nkhaniyo.

Kuyambira pamenepo anaika lamulo. Pakhomo ndiziwabaya monga kale, koma singano zawo sizidzatulukanso pamudzi kupita kwa eni. Ndinapeza botolo laling'ono lolimba, ndinalilemba ndi penti yofiira, chotsekera ndinachimanga ndi waya, ndinasokera kathumba koti ndizilimangirira m'chiuno mwanga usana ndi usiku. Ndinawaonetsa. Analipapasa, anati ndasoka bwino, n'kundibwezera. Anesi anawalankhula kawiri konse, kuwauza kuti thupi lawo silingathe masiku popanda mankhwala. Agogo ankavomera mwaulemu, "Ndamva, amayi," n'kubwerera kunyumba ndi maganizo awo omwewo.

Ndipo kumaliro anayamba kupita kuposa kale. Ankati akakhala pakhomo anthu anena kuti akuopa kuyang'ana nkhope za amene wawadya. Maliro apafupi ndinkawakakamiza kubwera kudzabayitsa n'kubwereranso. Akutali ankatha masiku awiri kapena atatu, n'kubwera milomo itauma, akukodza pafupipafupi, miyendo ikunjenjemera. Ndikawabaya masiku angapo ankatsitsimuka, koma ulendo uliwonse unkawachotsa kanthu kena kamene sikankabwerera.

Nthawi ya dzinja kunagwa maliro ku Zingalume, a mayi amene ankaimba nawo kwaya. Ndinati ndipita nawo. Anati udzu wakula m'chimanga, nditsale ndipalire, iwo agona tsiku limodzi lokha. Ndinalowetsa mankhwala ndi botolo lija m'kathumba kawo mobisa. Atachoka ndinazipeza pamphasa panga, ataziika bwinobwino.

Mvula inagwa masiku atatu osakata, mtsinje unadzaza, anthu onse a kumaliroko anatsekeredwa kutsidya. Ndinapita kawiri kukaima pagombe ndi mankhwala m'manja. Tsiku lachisanu madzi atatsika, anthu anawabweretsa agogo pangolo atagona pamatumba. Mpweya wawo unkanunkha ngati masuku owola. Ndinawaitana, anatsekula maso, koma sanandidziwe. Tinapitirira nawo kukiliniki, kuchoka apo kuchipatala cha kuboma. Anamwalira tsiku lachiwiri tili kuchipatalako.

Pamaliro awo anthu anabwera, sindinganame. Thobwa la okumba manda ndinakonza ndekha. Sindinathire m'zigubu. Ndinathira m'ndowa ziwiri zosavundikira, ndinavundula ndi mthiko pamaso pa amayi onse kuti aone kuti pansi palibe kanthu, ndinamwako chikho chathunthu. Anyamata ananyamula kupita nazo kumanda. Madzulo, anthu atabalalika, ndinazipeza ndowazo kuseri kwa nkhokwe zili zodzaza, pamwamba patagwera timasamba. Amunawo anakamwa madzi kumjigo. Thobwalo ndinathirira nkhumba.

Sabata yotsatira ndinasonkhanitsa singano zomaliza, majakisoni osabayira ndi kabotolo kamene kanatsala theka, kuti ndikabweze kukiliniki. Botolo lolembedwa lija ndinalimanga pachonyamulira cha njinga osalikulunga. Pamlatho wamitengo ndinatsika kuti ndidutsane ndi bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, yemwe anali nawo pokumba manda a agogo. Anawerenga zilembo zofiira zija.

"Singano za ndani zimenezi?"

"Za agogo," ndinatero. "Ankadwala shuga. Ndinkawabaya ndine."

Anagwedeza mutu, anati pepani. Kenako anapatukira m'udzu wonyowa, kutali ndithu, mpaka njinga yanga itadutsa.