Tsiku limene tinabwereka mudzi wonse

Zaka zimene anthu a ku Mozambique ankakhamukira kwathu kuno pothawa nkhondo, ine ndinali mlembi wa kabungwe ka amayi cha kufupi ndi Chiponde. Ndikati bungwe ndikungolemekeza. Tinali amayi ochepa, ena akutchalitchi, ena akumzikiti, ena ochokera kutsidya kwa malire, ndipo ntchito yathu inali kuphikira phala ana a othawa nkhondo pamodzi ndi athu omwe. Tinkaphikira m'chisakasa cha udzu chimene chinali chitatopa kalekale. Mitambo itayamba kusonkhana, tonse tinadziwa kuti popanda malata phala lithera pomwepo, chonsecho miyezi ya mvula ndi imene njala imaluma zenizeni.

Ndiye tinamva kuti kukubwera mayi wina wa bungwe lalikulu la ku Blantyre, woona magulu oyenera kuthandizidwa. Tinakapempha nzeru kwa bambo wina amene anagwirapo ntchito ya umesenjala kuboma. Iwo anati anthu opereka thandizo sakonda uve, amafuna kuona kuti ndinu anthu adongosolo. Ife tinangogwedeza mitu, poti zimenezo n'zimene anatilera nazo. Ndani amayalira mlendo usiwa wake pabwalo?

Tinayenda khomo ndi khomo. Mikeka tinabwereka kumadrasa, mabenchi kutchalitchi, mbale kwa mayi wogulitsa tiyi pamalire. Mphika waukulu, wolowa mwana wathunthu, tinautenga kubanja lina limene linkakonzekera sadaka ya malemu bambo awo. Denga lobookalo tinalifunditsa lona wa dalaivala wina wa lole amene ankadikira mapepala pakasitomu. Onsewo tinawalonjeza kuti dzuwa likafika paliwombo katundu wawo akhala atabwerera. Ana tinawasambitsa n'kuwadzoza mafuta mpaka kuwala. Ine ndinavala nsapato za mlamu wanga, zothina moti ndinkayenda ngati ndikuponda minga.

Mlendo anafika m'mawa, mayi wamagalasi, wofatsa. Tinamuimbira, tinamuphera nkhuku, anadya ndi mpunga. Atazungulira paliponse, anatiyamikira kuti sanaonepo gulu lokonzeka ngati lathu, kwina kumene anachokera ana amadyera m'masamba a nthochi. Anati akanena kuofesi kuti ife ndife chitsanzo, magulu ena azibwera kudzaphunzira kwa ife, thandizo lipite kwa ovutikitsitsa. Apampando athu anathokoza akumwetulira, uku akunditsina pantchafu ngati ndine ndinabweretsa nzeruzo.

Amati mlendo ndi mame, koma mame athuwa anakana kukamuka. Dalaivala wake anali atapita kukamatitsa tayala ku Chiponde, ndipo anachedwa. Ife tinkangoyang'ana dzuwa likukwera.

Woyamba kufika anali mayi wa tiyi, makasitomala ake akumudikira. Anapereka moni mwaulemu n'kuyamba kusanja mbale zake m'dengu, zina ana akadanyambita. Atangochoka, mphunzitsi wa madrasa anabwera kudzapinda mikeka, ana n'kutsikira padothi. Kenako anafika abambo a kusadaka, anakhuthulira phala lotsala m'timiphika tathu tong'aluka n'kusenza mphika wawo. Akatekisiti ananyamula mabenchi onse kupatula limene mlendo anakhalira, ndiye anangoima pambali pake manja kumbuyo, kudikira. Dalaivala wa lole uja, mapepala atatuluka, sanafunse munthu. Anakwera padenga n'kusolola lona wake, udzu wowola n'kuyoyokera m'mutu mwa mlendo, dzuwa n'kulowa m'mabowo onse.

Ndinkaganiza kuti manyazi athera pamenepo, ndiye ndinaona mlamu wanga ataima pakhomo. Anangoyang'ana mapazi anga. Ndinavula n'kumupatsa, ndipo kunena zoona zala zanga zinasangalala kuposa munthu aliyense tsiku limenelo.

Mlendo anavula magalasi. Ndinayesa wakwiya, koma anali akuseka, kuseka kotulutsa misozi, mpaka ifenso tinayamba kuseka. Atapuma anafunsa:

"Amayi, nanga chanuchanu pano n'chiyani?"

Amene anayankha anali mayi wotiphikira, amene anathawa kutsidya ndi mwana kumbuyo basi, m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao.

"Mthiko uwu ndi wathu. Ana awa nawonso ndi obwereka, nkhondo ikatha kwawo kudzawafuna. Koma lero ali m'manja mwathu, ndipo mvula ili pafupi."

Mlendoyo anasiya kuseka. Anatidzudzula pang'ono kuti wodwala sabisa chilonda kwa dokotala, tikanamuonetsa denga lathu m'mawa momwe. Koma anatinso anthu amene mudzi wonse umawabwereka katundu wake chonchi ndi anthu okhulupirika, ndipo iye ankafuna anthu otero. Ine mpaka lero ndimati sitinalakwe kwenikweni, mlendo ndi mlendo, nkhuku ija anaidya bwino.

Malata anabwera mvula isanagwe, ndi mphika wathuwathu pamwamba pake. Tinaphika phala dzinja limenelo ndi ena otsatira, mvula ikuwomba ng'oma padenga, ana ali phe mkati.

Nkhondo itatha, malole anabwera kudzatenga anthu kubwerera kwawo, mayi wotiphikira uja ali momwemo. Ndinalira, sindibisa. Tinawakweza anawo mmodzimmodzi, ndipo ena ankalemera moti tinkachita kuthandizana awiri.