Tsiku Limene Zilembo Zinayoyoka kwa Dona Filomena

Dona Filomena ndikawakumbukira, choyamba kundifika m'mphuno ndi fungo la mowa wa kuchipatala uja wopukutira mabala, losakanikirana ndi fungo la fumbi lotentha limene linkatuluka kumbuyo kwa makina awo. M'mawa wa nyengo yachisanu ku Lichinga, utsi wa nkhuni za paini unkakwawa m'misewu ya ku Sanjala osafuna kukwera kumwamba, azimayi akukhosomola pambaula, ana tikunjenjemera ndi zidebe pamzere wa pampopi, koma m'chipinda cha Dona Filomena utsi sunkaloledwa kulowa. Mawindo anali omatidwa ndi nyuzipepala zakale, kunsi kwa chitseko kunali chiguduli chonyowa, ndipo aliyense wolowamo ankavula nsapato ngati akulowa mumzikiti, chonsecho eni ake anali a Katolika.

Ife tinali anansi awo. Tinachokera ku Meponda m'zaka zomaliza za nkhondo, ine ndi amayi anga, titasiya bwato, mathandala oyanikapo usipa ndi manda a bambo. Mchimwene wanga Omari sitinabwere naye. Anagwidwa ndi zigawenga panjira yokwera kumtunda pamodzi ndi anyamata ena atasenza dengu la nsomba zouma, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinamvenso za iye. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Dona Filomena anali mayi wowonda, wa zala zazitali, wosachedwa kupsa mtima, amene anakalambira pa ntchito yotaipa makalata mu ofesi ya boma. Pambuyo pake anagwira ntchito ndi namwino wina wachizungu amene ankalemba maina a anthu othawa nkhondo ofunafuna abale awo. Zinthu zitavuta namwinoyo anakwera ndege, n'kusiya kompyuta yake m'manja mwa Dona Filomena, poti inali yolemera komanso yotha kale. Ntchito inathera pomwepo, koma anthu sanasiye kubwera. Ankagogoda kuseri, kukhala pampando wa nsungwi, n'kutchula dzina la mwana, mudzi wake, chipsera chimene anali nacho. Dona Filomena ankataipa, zilembo zobiriwira zikuonekera pagalasi lakuda. Wina akatuluka kutchire, ankafufuza ngati pali amene anamufunsapo. Dzina la Omari linali momwemo.

Makinawo ankawasamala ngati khanda lobadwa masiku osakwana. Mabatani ankawapukuta ndi kathonje koviika mu mowa uja, fumbi la m'mipata ankalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Magetsi ankabwera maola ochepa masana, ndipo asanayatse kanthu ankayamba ayang'anitsitsa babu la padenga kwa nthawi, kuona ngati likuphethira. Kumwamba kukangogunda, chingwe chinkazulidwa pakhoma ngakhale munthu ali pakati potchula dzina la amake.

"Fumbi ndi magetsi ndimathana nazo," ankatero. "Amene amandisowetsa mtendere ndi anthu."

Ndinadzamvetsa pang'onopang'ono. Masiku amenewo munthu wochokera kutchire ankakayikiridwa kuti anali ndi zigawenga, ndipo wotsala kutchire, zikamveka kuti abale ake akumufuna kutauni, akanatha kuphedwa kuti asathawe. Maina aja akanagwera m'manja olakwika, a mbali iyi kapena iyo, anthu akanavulala. N'chifukwa chake Dona Filomena sankasunga dzina lililonse papepala. Akamaliza ntchito ankakhoma makinawo ndi kakiyi kakang'ono kamene ankakavala m'khosi, n'kuwafunditsa nsalu ya kapulana, pamwamba pake n'kuikapo chifanizo cha Maria ndi maluwa a pulasitiki. Galimoto ikaima pamsewu, ankasiya kulankhula mpaka itadutsa.

Lachisanu lililonse, amuna a m'dera lathu akupita kumzikiti, Dona Filomena ankakopera maina onse pa madisiketi awiri, timbale takuda topyapyala tija, n'kuwatsekera m'chitini cha mabisiketi. M'chitinimo munalinso disiketi ina yoyatsira makina, yomatidwa tepi pakona kuti kanthu kasalembedwepo. Ine ndinayamba kulowa m'chipindamo ngati wosesa, poti amayi ankandituma kukathandiza. Dona ataona kuti ndimasamba m'manja osauzidwa, anandiphunzitsa kutsegula mndandanda wa maina. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi.

"Zainabu, pakamwa pa makinawa sipalowa disiketi ya munthu wina. Ngakhale itachokera kwa bishopu. Wamva?"

"Ndamva, Dona."

Ndinamvadi. Koma kusukulu kunali mnyamata wina, Nelito, amene bambo ake ankagwira ntchito mu ofesi ya makompyuta, ndipo tsiku lina ndinalephera kugwira pakamwa, ndinamuuza kuti nanenso ndimadziwa kuyatsa kompyuta. Sanakhulupirire. Mawa lake anandibweretsera disiketi yokutidwa m'pepala la kope, nati muli masewera a kanjoka kamene kamakula kakamadya timadontho. "Ngati ukunena zoona, ukandiuze kuti kanjokako n'kotani," anatero. Ndinaibisa m'chikwama masiku awiri, mtima ukundigunda nthawi iliyonse ndikaikhudza.

Lachinayi masana, magetsi atangobwera ndipo Dona Filomena atangoyatsa makina, kunja kunamveka mfuu yoti kusitolo kwafika sopo. Sopo anali atasowa miyezi. Dona anaima pakati pa chipinda, akuyang'ana makina, akuyang'ananso chitseko.

"Khala pano," anatero akumanga mpango. "Babu likangoyamba kuphethira, uzimitse monga ndinakuonetsera. Usatsegulire munthu."

Nsapato zawo zisanaleke n'komwe kumveka, ine disiketi ija inali kale m'manja. Inalowa bwinobwino, makina anang'ung'udza, ndipo kanjoka kanaonekadi, kobiriwira, kakukwawa pagalasi. Ndinasewera mwina kanthawi kophikira tiyi. Kenako mantha anandigwira, ndinaitulutsa, n'kutsegula mndandanda wa maina kuti zonse zioneke monga anazisiyira.

Poyamba panalibe chachilendo. Kenako ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati njere ya mpunga yagwera pambale, ndipo chilembo chimodzi chinachoka pamzere wa pamwamba n'kutsetsereka mpaka pansi pa galasi. China chinatsatira. Kenako zitatu, kenako zambirimbiri, maina a anthu akuyoyoka ngati masamba, midzi ikugumuka, zonse zikuunjikana pansi mulu wopanda tanthauzo. Ndinadina batani ili ndi ilo, osathandiza. Ndinafufuza mzere wa Omari ndipo ndinaupeza chilembo choyamba chitachoka kale. Ndinaika chikhatho pagalasi kuti ndigwire zotsalazo. Mumtima mwanga ndinali wotsimikiza kuti dzinalo likatha kugwa, kutchire kumene ali, mchimwene wanga agwanso. Ndinayesa kupemphera koma mawu onse a kumadrasa anandithawa. Ngakhale kuzimitsa kumene sindinakukumbukire.

Dona Filomena anandipeza choncho, dzanja lili pagalasi. Sopo anagwera pansi. Sanakuwe. Anadutsa pambali panga n'kuzimitsa makinawo, m'chipinda monse n'kukhala zii.

"Walowetsamo chiyani?"

"Palibe, Dona. Zangoyamba zokha."

"Zainabu. Ndiyang'ane. Ndikadziwa chimene chalowa, mwina ndidziwa chochita. Ukandinamiza, anthu onsewa tiwataya."

Ndinatulutsa disiketi ija m'chikwama. Anailandira ndi nsonga za zala, n'kukhala pabedi, n'kuvula magalasi awo. Ndinkadikira khofi, ndipo ndikanalilandira mokondwa, koma silinabwere.

"Namwino uja anandiuzapo za matenda amenewa," anatero potsiriza. "Amayenda ndi madisiketi ngati nsikidzi m'mphasa yobwereka. Tseka chitseko. Tenga chitini."

Anayatsa makinawo ndi disiketi ya tepi ija, ndipo anayesa kutsegula mndandanda. Panatuluka zizindikiro zosawerengeka, timitima, timabokosi, nkhope zoseka. Anayesanso kawiri. Kenako anapuma mozama, n'kunena kuti palibe kuchitira mwina, afufute zonse za m'mimba mwa makinawo kuti matenda atheretu, ayambirenso. Pamene ankadina batani lovomereza anatseka maso.

Masana amenewo ndi aatali kuposa ena onse amene ndakhalapo ndi moyo. Makina ankalira pang'onopang'ono, manambala akusintha pagalasi, ife maso ali pa babu. Magetsi akanathima pakati pa ntchitoyo, sitinkadziwa ngati makina okalambawo akanadzukanso. Kawiri konse babu linafiira ngati khala lozima, Dona Filomena n'kugwira chingwe, kawiri konse linawalanso. Galimoto ya asilikali inaima pamsewu, tinamva amuna akuseka, wina akupempha madzi kwa amayi anga kuseri kwa mpanda. Kapulana inali pansi, chifanizo cha Maria chili pabedi, makina ali poyera akung'ung'udza. Palibe anapuma mpaka galimotoyo inalira n'kuchoka.

Disiketi yoyamba ya maina inakana kuwerengeka. Chinyezi chinali chitailowa. Dona Filomena anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kutenga yachiwiri, n'kuipukuta pa bulauzi yawo ngakhale inalibe fumbi. Inalowa, inalira, ndipo mizere yobiriwira inayamba kubwerera umodziumodzi. Anatsitsa mpaka pa Omari, n'kuloza ndi chala.

"Uyu apa. Wathunthu."

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Koma iwo nkhope yawo sinamasuke. Ankayang'ana kumapeto kwa mndandanda, pamene panathera maina a Lachisanu lapitalo. Onse amene anabwera kuyambira Lolemba panalibe.

Ambiri mwa iwo anali okhala ku Lulimile, ndipo Loweruka tinayenda khomo ndi khomo, Dona Filomena patsogolo ine pambuyo, kuwapempha kuti abwerenso. Sanandibise. Pakhomo lililonse ankati, "Mwana uyu analakwitsa, nanenso ndinalakwitsa kumusiya yekha. Tikupempha mutchulenso." Gogo wina anatitukwana, nati kutchula dzina la mwana wake kamodzi kunamudwalitsa sabata yathunthu. Komabe anabwera.

Amene sitinamupeze anali bambo wina amene anabwera Lachiwiri. Ine sindinamuone, ndinali kusukulu. Dona Filomena anandiuza tikubwerera kuti anali munthu wothawa kumsasa wa kutchire, mapazi otupa ngati maungu, amene anayenda masiku ambiri akubwereza pamtima maina a ana amene anawasiya kumeneko, ndi midzi yawo, ndi maina a makolo awo, kuti asaiwale. Anali oposa khumi. Atawatchula onse anati tsopano mutu wake wapepuka, ndipo mawa lake anakwera galimoto za mdipiti wopita ku Cuamba. Dzina lake lenileni anakana kunena. Dona Filomena anali asanayambe n'komwe kufufuza makolo a anawo, poti magetsi a Lachitatu sanabwere. Anayesetsa kukumbukira, akuyenda akutchula chamumtima, koma anapeza asanu okha, ena opanda midzi.

Ndinaima panjira. Kenako ndinawafunsa.

"Dona, pa ana amenewo, Omari analipo?"

"Akanakhalapo ndikanathamangira kwa amako opanda nsapato tsiku lomwelo."

Ndinapuma, ndipo ndikuvomereza kuti ndinamva kupepukidwa. Iwo anakuona kupepukidwako pankhope panga.

"Usasangalale," anatero motsitsa mawu. "Enawo nawonso ali ndi amawo."

Disiketi ya Nelito anaidula ndi sizasi, ndipo anapita okha kukachenjeza bambo ake kuti makina a kuntchito kwawo ali ndi matenda. Ine sanandithamangitse. Anandikhazika pampando kuti maina onse obwerezedwa nditaipe ndi zala zanga, iwo ataima kumbuyo. Kuyambira pamenepo ankakopera tsiku ndi tsiku, magetsi asanathime, ndipo disiketi imodzi inkagona kwa amayi anga m'thumba la mpunga. Pansi pa maina asanu aja anasiya mizere yopanda kanthu. Aliyense wochokera ku Cuamba ankamufunsa za bambo wa mapazi otupa. Palibe anamudziwa.

Nkhondo itatha, kunabwera anthu ndi mapepala a maina a anyamata otuluka kutchire, ndipo Dona Filomena anawayerekeza ndi mndandanda wawo. Omari anapezeka choncho. Anabwera wamtali, wosalankhula, koma wamoyo, ndipo lero ali ndi bwato lake ndi zidzukulu. Pa ana asanu aja, awiri anakumana ndi abale awo. Makinawo anafa okha patapita zaka zingapo, ndipo Dona Filomena sanachedwe kuwatsatira.

Ine tsopano ndimagwira ntchito mu ofesi ya sukulu ina muno mu Lichinga. Aphunzitsi achinyamata amandiseka kuti ndine wovuta, chifukwa sindilola munthu kubaya kafulashi kake pa kompyuta ya maina a ana, ndipo sindiweruka ndisanakopere ntchito ya tsikulo malo awiri. Ndimawasiya aseke. Chimene sadziwa n'chakuti nthawi zina pa desiki langa pamabwera bambo wa msinkhu wanga kudzalembetsa mwana, ndipo ndikafunsa mudzi wa makolo amayang'ana pansi, nati sakudziwa, anakulira kutchire. Pamenepo ndimasiya kutaipa. Ndimamufunsa ngati kumsasa kwawo kunali bambo wina amene ankafunsa ana maina awo ndi a makolo awo, kenako tsiku lina n'kuthawa. Ndafunsa anthu ambiri. Mpaka lero palibe amene wandiyankha kuti inde, ndipo sindinasiye kufunsa.