Ketulo ya ku Eriya 12

Nditatuluka kundende ananditumiza kuofesi ina ku City Centre, yoona za ife otuluka kuti tisabwererenso. Bwana wake anali wamfupi, wa tayi yaitali kuposa iye mwini. Anandipezera ntchito yosamala maluwa ku Eriya 12.

"Koma bambo, adona akumeneko amaopa akaidi," anatero. "Akakufunsani, munali kumigodi ku Joni. Akadziwa, ntchito yatha, ndipo ina ndilibe."

Ndinavomera. Masiku amenewo ndinkangovomera chilichonse. Mukanati ndine mbuzi, ndikanafunsa kumene kuli msipu.

Ntchito inali yofewa. Kuthirira, kudulira mpanda, kusesa masamba. Sindinkakondwa, sindinkadandaula. Pageti panali mlonda, bambo wamtali wosakonda kuyankhula. Nditamufunsa kumene ankagwira kale anati, "Ku Joni." Ndinati nanenso. Nkhani inathera pomwepo.

Tsono kundende kuli mwambo wake. Wezulo ikalira, uli ponse umanjuta, manja pamutu, kudikira kuti akuwerengeni. Suganiza. Mawondo amamva okha.

M'mawa wina abwana a panyumbapo anabwera ndi ketulo yatsopano yochokera kwa amwenye ku Old Town, ija yoimba madzi akawira. Ine sindinkadziwa kuti padziko pali ketulo yotero. Ndili pakati pa maluwa, ndinangomva fyiii! Pozindikira ndili pansi, manja pamutu, payipi ikundithirira m'kabudula. Nditacheuka ndinaona mlonda uja naye wanjuta pageti, chibonga chili pambali.

Adona anali pakhonde. Anandiyang'ana, nayang'ana mlonda.

"Kodi ku Joni mumatero?"

"Eya mayi," ndinayankha. "Mwala ukamagwa."

"Nanga mukudikira chiyani? Dzukanitu!"

Palibe anadzuka. Kundende sudzuka asanakuwerenge. Ketulo inkaimbabe, mpaka wophika anaiphula.

Madzulo adona anatiuza kuti mawa tisabwere. Sanakalipe. Anatipatsanso buledi, aliyense wake.

Tinayenda wapansi kubwerera kuofesi kuja, ine ndi mnzanga wa ku Joni, tikudya buledi. Bwana wa tayi anamvetsera zonse, navula magalasi n'kupukuta.

"Mitu yanu tinaikonza," anatero. "Mawondo sali m'manja mwa ofesi ino."

Ndinakayamba kusenza matumba pa msika wa Lilongwe, kumene palibe amafunsa kumene wachokera. Mlonda uja sindinamuonenso.

Mpaka lero madzi a tiyi ndimawiritsa m'poto. Adzukulu amati agogo ndi oumira.